Bandi ya rock m'bala yaing'ono ya ku Chilomoni: momwe tinachepetsera phokoso popanda kuthamangitsa oimba

Lipotili ndi la ntchito yomwe ndinagwira pa bala ina yaing'ono ya ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Ntchito yanga ndi ya zokuzira mawu: ndimalumikiza ndi kuyendetsa zipangizo m'matchalitchi, pa maukwati ndi m'malo achisangalalo. Dzina la balayo, la eni ake ndi la bandi sinditchula, chifukwa zina zomwe ndinapeza kumeneko zinali zolakwika ndipo eni ake anazikonza ndi mtima wonse. Ndalemba kuti anzanga a ntchito imeneyi komanso eni malo ang'onoang'ono apeze poyambira, popeza mkangano wa phokoso la bala ndi oyandikana nayo uli ponseponse, kaya ndi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale kapena ku Chibavi.

Malowo ndi anthu ake

Balayi poyamba inali nyumba yogonamo anthu. Eni ake anagwetsa khoma lapakati n'kutsala chipinda chimodzi chachitali, cha mamita pafupifupi 10 m'litali ndi 6 m'lifupi. Makoma ndi a njerwa zowotcha, pansi ndi pa simenti, denga ndi la malata lopanda siling'i. Muli kauntala ya matabwa yomwe vanishi wake anapita kalekale ndi zigongono za anthu, mafiriji awiri, tebulo la pool long'ambika pakona, ndi mipando yoti simungapezemo iwiri yofanana. Pakhonde pamakhala bawo, ndipo dzuwa likangopendeka mnyamata wa kanyenya amayatsa mbaula yake pabwalo. Palibe mlonda wofunsa za nsapato zomwe munthu wavala. Amabwera makaniko ndi girisi wawo m'manja, aphunzitsi, madalaivala a minibasi akaweruka, anamwino otuluka ku ntchito, aliyense ndi Green wake, Kuche Kuche kapena paketi ya Chibuku. Mayi eni malo amadziwa makasitomala awo ndi mayina, ndipo kope la ngongole limakhala pansi pa kauntala.

Loweruka lililonse usiku pamaimba bandi ya achinyamata anayi a m'dera lomwelo: mtsikana wotsogolera nyimbo yemwenso amaimba gitala, mnyamata wa gitala yachiwiri, wa besi ndi wa ng'oma. Amaimba rock, nyimbo zopeka okha, zambiri za m'Chichewa. Kuno kwathu zimenezi n'zosowa. Mabala ambiri amangobaya flash m'sipika basi, ndipo oitana bandi amafuna reggae, rhumba kapena nyimbo zomwe anthu anazizolowera kale pawailesi. Mnyamata wa gitala yachiwiri anakulira m'nyumba momwe munali malekodi omwe agogo ake anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Zambia, ndipo zimamveka m'zala zake. M'zaka za m'ma 1970 kumeneko kunabuka chamba chotchedwa Zamrock, cha magitala okalipa mosasa mawu: WITCH ya ku Kitwe yomwe woimba wake ndi Jagari Chanda, Amanaz, Paul Ngozi ndi Ngozi Family. Chambachi chinazilala mtengo wa kopa utagwa ndipo ambiri mwa oimba ake anamwalira, koma WITCH inadzukanso n'kutulutsa chimbale chatsopano mu 2023. Choncho rock si mlendo m'chigawo chathu chino. Chosowa ndi malo oti bandi yatsopano iziimbirapo sabata ndi sabata pamaso pa anthu makumi anayi omwe angaiuze chilungamo. Hotela sizingaitane bandi yosadziwika, ndipo ku chikondwerero chachikulu cha zoimbaimba cha Lake of Stars munthu sayambira. Bala ngati iyi ikatseka chitseko kwa oimba, bandiyo imatha basi. Ichi n'chifukwa chake ndinaitenga ntchitoyi ngati yanga.

Dandaulo

Mabanja atatu oyandikana ndi balayi anakadandaula kwa amfumu a m'deralo kuti Loweruka sagona. Amfumu anaitana mayi eni malo n'kuwauza kuti zikapitirira nkhaniyo ipita ku khonsolo ya mzinda, komwe kumachokera chiphaso chawo chogulitsira mowa. Mayiwo anachita mantha, n'pomveka. Wina anawalangiza kuti amate mathireyi a mazira ndi siponji ya matiresi kumakoma ndi kudenga. Pomwe ankandiitana n'kuti mathireyi atawunjika kale kuseri kwa kauntala, siponji atalipira theka la mtengo. Mawu awo anali akuti, "Achimwene, ine ndikungofuna mundimatire zimenezi bwinobwino. Walira mvula walira matope, bandi ndinaifuna ndekha, koma chiphaso changa chisapite."

Ndinawapempha kuti tisamate chilichonse ndisanamve phokosolo ndi makutu anga, mkati, panja komanso m'nyumba za odandaulawo. Loweruka lotsatira ndinafika masana bandi ikulumikiza zipangizo, n'kukhala mpaka potseka, ndili ndi mita yoyezera phokoso ndi mita ya magetsi.

Magetsi poyamba

Nkhani ya phokoso inayamba yadikira, chifukwa chomwe ndinaona masanawo chikanatha kupha munthu. Zipangizo zonse za bandi, maampu (zokuzira mawu a magitala) atatu, mikisa (chosakanizira mawu) ndi masipika, zinkadya pa soketi imodzi kudzera m'maekisitenshoni olumikizana mmodzi kumchira kwa mnzake. Pulagi ya ampu ya gitala inalibe mwendo wachitatu. Waya wa mikisa unalibe pulagi n'komwe, anangoulowetsa m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi. Nditayeza soketi yakukhoma ndinapeza kuti earth, waya wopititsa pansi magetsi odontha, mulibe m'nyumba monse. Ndinamufunsa mtsikana woimba uja ngati maiki imamuluma pamlomo. Anaseka n'kunena kuti, "Ankolo, imaluma ndithu, makamaka ndikagwira nsambo za gitala. Ndinangozolowera kuima patali pang'ono."

Kuluma kumeneko ndi nyesi yomwe ikufuna njira yopitira pansi, ndipo njira yomwe yapeza ndi thupi la woimba. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu, maiki imalumikizana ndi chitsulo cha mikisa. Chimodzi mwa ziwirizi chikadontha magetsi popanda earth, munthu wogwira zonse ziwiri ndiye amasanduka waya, dzanja mpaka mlomo, kudutsa pachifuwa. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Mu 1972 Les Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pa siteji ku Swansea m'dziko la Wales atagwira maikolofoni yopanda earth, anthu akuonerera. Usiku umenewo ndinakana kuti bandi iimbe ndi ampu ija. Tinabwereka ina, ndinaika mapulagi a miyendo itatu, ndipo woimbayo ndinamupatsa maiki yopanda waya. Sabata yotsatira mayi eni malo anaitana wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Anakhoma ndodo ya earth pansi, anakoka waya wapadera wa siteji wosiyana ndi wa mafiriji, ndipo anaika chodulira magetsi cha 30 mA chomwe chimathimitsa nyesi ikangoyamba kudontha. Kung'ung'uza kwa 50 Hz (kunjenjemera ka 50 pa sekondi) komwe kunkamveka m'masipika nthawi zonse kunachepa kwambiri, ndipo kuthetheka komwe kunkamveka firiji ikamayaka kunatheratu. Izi zinathandizanso pa phokoso, popeza anyamatawo ankakweza mawu kuti aphimbe kung'ung'uzako.

Panalinso jenereta ya petulo. Anaigula mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino. Ankaiika m'kanjira kakuseri, moyang'anizana ndi zenera la chipinda chogona cha banja limodzi mwa odandaula, pafupinso ndi chitseko chakuseri cha bala momwe utsi unkalowera. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wakupha womwe sununkha. Tinaisamutsira kutsogolo, mbali ya msewu, n'kuimangira kanyumba ka mabuloko kotsegula mbali yomwe kulibe nyumba.

Zomwe oyandikana nawo ankamva

Bandi itayamba, kutsogolo kwa siteji mita inkadutsa madesibelo 100 (desibelo ndi muyezo wa kukwera kwa mawu) nyimbo ikafika pakolasi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mu ndondomeko yake ya 2022 ya malo a zoimbaimba, limati phokoso lisapitirire madesibelo 100 poyeza kwa mphindi 15. Amenewo ndi malire, osati mulingo woti muziimbira usiku wonse m'kachipinda ka mamita 10. Bungwe lomwelo limati munthu wamkulu atha kumva madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda kuwononga makutu, ndipo madesibelo atatu aliwonse owonjezera amadula nthawiyo ndi theka. Mukawerengera, pa 100 nthawiyo sikwana theka la ola pa sabata. Kasitomala atha kutuluka kukadya kanyenya. Atsikana awiri ogulitsa pakauntala alibe kothawira, ndipo mmodzi anandiuza kuti Lamulungu lililonse amadzuka m'makutu mukulira. Palibe yemwe anakadandaulira iwowa kwa amfumu.

Kenako ndinapita kwa odandaula, nditapempha kale chilolezo masana. Nyumba yoyandikana kwambiri ndi ya bambo ena achikulire omwe anapuma pa ntchito. Mayi a kunyumbako amadwala BP, ndipo mdzukulu wawo anali Fomu 4, akukonzekera mayeso a MSCE. Anandilowetsa mpaka kuchipinda, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine nyimbo sindidana nazo, tinavinako nafenso. Mawu a mtsikanayo sandivuta. Chondisowetsa tulo ndi chija chimangoti du, du, du, mpaka bedi kunjenjemera. Khalani pansi mumve nokha."

Ankanena zoona, ndipo anali atalongosola vutolo bwino kuposa mita yanga. M'chipindamo gitala ndi mawu a woimba zinkamveka chapansipansi. Zomwe zinkalowa ndi besi ndi ng'oma yoponda ndi phazi. Mawu okhuthala otere ali ndi mafunde aatali kwambiri. Nsambo yaikulu ya besi imalira pa 41 Hz, ndipo funde lake ndi lotalika mamita oposa 8, pafupifupi kutalika kwa bala yonse. Funde lotere silingaimitsidwe ndi kanthu kopepuka. Limadutsa malata mosavuta, limagwedeza magalasi a mawindo, limayendanso m'simenti ndi m'maziko. Anzanga omwe mumayeza ndi foni, chenjerani apa: mapulogalamu ambiri amayeza pa sikelo ya A, yomwe imachepetsa dala mawu okhuthala. Foni ikuuzani kuti m'chipinda muli bata pomwe mwini nyumba akumva kugunda m'chifuwa. Yezaninso pa sikelo ya C, yomwe siwachepetsa chotero, ndipo koposa zonse khalani pabedipo mumvetsere.

Nditazungulira nyumba ya bala ndinapeza potulukira phokoso. Pakati pa khoma ndi malata panali mpata wolowa dzanja kuzungulira nyumba yonse. Kuseri kwa siteji kunali njerwa zamabowo zolowetsa mpweya, zoloza ndendende kwa bambo aja. Chitseko chakutsogolo chinkakhala chotsegula usiku wonse. Sipika ya besi anaiika pakona, pomwe makoma awiri ndi simenti zimachulukitsa mawu okhuthala, ndipo kona yake inali ya mbali ya odandaula. Phokoso lili ngati madzi mu ndowa yobooka: chitsulo cha ndowayo chikhale chokhuthala bwanji, madzi atulukira pabowo. Mpata wokwana gawo limodzi mwa magawo 100 a khoma umachititsa kuti khomalo lisatchinge madesibelo oposa 20, ngakhale likhale la konkire.

Chifukwa chomwe ndinakanira siponji ndi mathireyi

Mathireyi a mazira satchinga phokoso. Alibe kulemera. Amachepetsako pang'ono kubwerera kwa mawu opyapyala mkati mwa chipinda, koma kwa bambo aja sipakanasintha kanthu. Chotchinga mawu ndi kulemera ndi kutseka mipata, ndipo mukachulukitsa kawiri kulemera kwa khoma mumapindula madesibelo 5 kapena 6 okha. Siponji ya matiresi ndiye ndinaikana mwamphamvu, chifukwa imagwira moto msanga ndipo utsi wake ndi poizoni. Mu February 2003, pa kalabu ya The Station ku Rhode Island m'dziko la America, anthu 100 anafa pa zoimbaimba za rock siponji yakumakoma itagwira moto. Siponjiyo anaimata pofuna kuchepetsa phokoso oyandikana nawo atadandaula, nkhani yofanana ndendende ndi yathuyi. Mu January 2013 ku Santa Maria m'dziko la Brazil, pa kalabu ya Kiss, anafa anthu 242, ambiri chifukwa cha utsi wa siponji yakudenga. M'bala mwathumu anthu amasuta, magetsi akathima amayatsa makandulo, ndipo chitseko chakuseri ndinachipeza chili ndi loko, makireti a mabotolo atasanjidwa mpaka pamwamba. Ndinawafotokozera mayi eni malo zonsezi mosabisa mawu. Anakhala chete kanthawi, kenako anatuma mnyamata kuti achotse makireti aja pompo. Siponji anakabweza kwa wogulitsa.

Kuchepetsa phokoso pomwe limayambira

Apa ndi pomwe panali ntchito yeniyeni, ndipo sipanalowe ndalama zambiri. M'chipinda chaching'ono, mulingo wa phokoso umaikidwa ndi wa ng'oma. Iye alibe batani lochepetsera. Akamenya mwamphamvu, wa gitala sadzimva ndiye amakweza ampu, wa besi naye amakweza, woimba amakwiririka n'kupempha kuti maiki ikwere, maiki imayamba kulira, ndipo wa ng'oma posamva anzake amawonjezanso mphamvu. Pofika 10 koloko aliyense ali pamapeto. Kutsitsa batani lalikulu la mikisa sikuthandiza, chifukwa mbali yaikulu ya phokoso sikudutsa n'komwe mu mikisa.

Nditawauza zimenezi, mnyamata wa gitala anakwiya. "Ankolo, rock yopanda phokoso si rock. Mukufuna tizimveka ngati kwaya?" Sindinamutsutse, chifukwa mbali ina ankanena zoona. Nyimbo zamtunduwu zimafuna kuti munthu azimve m'thupi, ndipo gitala yosakalipa ilibe moyo. Koma kukalipa kwa gitala ndi kukwera kwa mawu n'zosiyana. Kukalipako kungachokere m'pedo, kachipangizo koponda kosinthira mamvekedwe a gitala, yomwe ali nayo kale pansi pa phazi. Ampu yake inali ya mawati 100, ili pansi, ikuloza m'miyendo mwake. Mawu akuthwa a gitala amayenda molunjika, ndiye ankadutsa m'mawondo mwake n'kukalasa anthu a pa tebulo loyamba, iye osamva kanthu. Ndinaikweza pa makireti awiri, n'kuipendeketsa kuti iloze kumutu kwake kuchokera m'mbali. Anaimba kamodzi n'kutambasula yekha dzanja kukatsitsa. Pambuyo pake anasinthanitsa ndi mnzake n'kutenga ya mawati 30, yomwe m'chipindamo ndi yokwana n'kutsalako. Ambiri sadziwa kuti kuchulukitsa mawati kawiri kumawonjezera madesibelo atatu okha, ndipo kuti khutu limve ngati mawu akwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka kakhumi.

Wa ng'oma ndiye anavuta kwambiri, osati chifukwa cha mwano, koma dzanja linazolowera. Tinaika bulangete lopindapinda mkati mwa ng'oma yoponda, lokhudza chikopa, kuti kugunda kukhale kwakufupi. Pansi pa mbale zachitsulo tinamata timatepi, ndipo mbale imodzi yaikulu yomwe inkaphimba chilichonse tinaichotsa. Ndodo zake zinali zonenepa, za pa bwalo lalikulu. Ndinamupatsa zopyapyala, komanso tinapanga zina pomanga pamodzi timitengo ta nsungwi tosalazidwa bwino, zomwe amagwiritsa ntchito pa nyimbo zofatsa ndi pa chigawo chomaliza. Maiki zomwe ankaika pa ng'oma tinachotsa zonse. M'chipinda chotere ng'oma sizifuna kukuzidwa. Mu masipika tinasiyamo mawu a oimba okha ndi gitala ya mtsikana uja pang'ono. Ng'oma zonse tinaziika pa thandala la matabwa lokhala pa zidutswa za matayala akale, pamwamba pake kapeti, kuti kugunda kusalowe mwachindunji m'simenti.

Besi tinaichotsa pakona, n'kuibweretsa pafupi ndi wa ng'oma, nayonso pa mphira. Ndinadula mawu apansi kwenikweni pa ampu yake n'kukweza apakati. Wa besiyo anadabwa kuti akudzimva bwino kuposa kale, chikhalirecho watsitsa. Sipika yaikulu ya besi yomwe ankabwereka Loweruka lililonse tinaisiya, ndipo ndalama yobwerekera inatsala m'thumba la bandi. Masipika awiri aakulu tinawakweza pa mitengo kupitirira mitu ya anthu, patsogolo pa maiki, oloza pansi pang'ono kwa omvera. Kale anali kumbuyo kwa woimba, n'chifukwa chake maiki inkalira. Mikisa ndinaisamutsira kumapeto kwa kauntala, chifukwa pomwe inali kale aliyense woledzera wokonda nyimbo ankapita kukakweza yekha. Ndinaika limiter, chipangizo choletsa mawu kukwera kupitirira mulingo, ndipo pa batani lalikulu ndinamata tepi yofiira pomwe siliyenera kudutsa. Mmodzi wa atsikana a pakauntala ndinamuphunzitsa kuyang'anira, ndipo anagwira msanga kuposa anyamata ambiri omwe ndawaphunzitsapo.

Nyumbayo

Siteji tinaitembenuza kuti masipika aloze kumsewu, kumene kuli magolosale omwe usiku amakhala otseka. Panja, mtunda ukachuluka kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo 6, ndiye mbali yomwe mwalozetsa ndi yofunika. Mmisiri anatseka mpata wapakati pa khoma ndi malata ndi njerwa ndi simenti, anatsekanso njerwa zamabowo zakuseri. Mawindo awiri a mbali ya odandaula tinawapangira zitseko za matabwa okhuthala zotseka nthawi ya bandi yokha. Kuzitseko tinakhomera mphira wa machubu akale m'mphepete monse. Kutsogolo tinamanga kachipinda kolowera ka zitseko ziwiri, kuti china chikatseguka china chikhale chotseka, ndipo zonse zimatsegukira kunja, chakuserinso chimodzimodzi, chopanda loko nthawi yomwe muli anthu. Denga ndiye linali lofooka kuposa zonse. Njira yake ndi siling'i ya gypsum, mapepala awiri ophatikiza, pamwamba pake ubweya wa fibreglass womwe sugwira moto. Ndalama zinangokwana theka la mbali ya siteji.

Mukatseka mipata yonse mwatsekanso mpweya, ndipo anthu makumi anayi pansi pa malata amatentha msanga. Tinaboola malo awiri mbali ya msewu n'kupanga mabokosi a matabwa okhota mkati, oyalidwa fibreglass, limodzi lili ndi fani yokoka mpweya kunja. Mpweya umakhota n'kudutsa, phokoso lambiri limatsalira m'makhotamo.

Chinthu chimodzi ndinawapempha mayi eni malo kuti asachite. Poona kuti ntchito yayamba, anaganiza zopenta monse, kugula mipando yofanana, kuika magetsi amitundumitundu ndi kukweza mtengo wa mowa kuti abweze ndalama. Ndinawauza kuti anthu awo amabwera chifukwa pamalopo munthu amakhala momasuka ndi ovolosi yake. Malo apamwamba alipo kale ambiri m'tauni, ndipo makaniko sapitako. Anamvera. Tebulo la pool likadali long'ambika pakona pomwe paja.

Kukambirana kwa amfumu

Zina sizikanatheka ndi simenti. Tinakumana kwa amfumu: mayi eni malo, mabanja atatu aja, bandi yonse ndi ine. Kumeneko kunatuluka madandaulo omwe palibe anawatchulapo kale. Mayi ena anati chowadzutsa kwambiri ndi mabotolo omwe amasanjidwa m'makireti pakati pa usiku. Ena anati ndi njinga zamoto za kabaza zomwe zimalira pageti potseka, komanso amuna okodzera mpanda wawo chifukwa chimbudzi cha bala chinalibe getsi. Izi zinali zosavuta kukonza, ndipo zikanakonzedwa kale anthuwa akanakhalirana pansi msanga.

Anagwirizana kuti bandi iziyamba 7 koloko n'kumaliza 11 koloko, ndipo chigawo chomaliza chizikhala cha nyimbo zofatsa. Kuyesa zipangizo kuzichitika masana. M'dera mukagwa maliro bandi isaimbe, ndipo nyengo ya mayeso a MSCE izimaliza msanga. Mabotolo azisanjidwa m'mawa, a kabaza azidikirira kumsewu. Mayi eni malo anapereka nambala yawo kwa mabanja onse atatu kuti phokoso likakwera aziwaimbira iwo poyamba. Mtsikana woimba uja anapepesa m'malo mwa anzake, atagwada, ndipo bambo achikulire aja anamuyankha kuti, "Dzuka mwanawe, iwe ulibe mlandu. Uziimba, koma uzitikumbukira ife okalamba."

Ndinakumbutsanso mayiwo zinthu ziwiri zomwe si za phokoso. Malo oimbirapo nyimbo pagulu amafunika chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ndipo oimba opeka nyimbo zawo ayenera kuzilembetsa kumeneko. Komanso ana omwe ankaunjikana pawindo kuonerera bandi asamaloledwe kulowa, popeza malamulo salola kugulitsa mowa kwa osakwana zaka 18. Bandiyo inaganiza zomayeserera masana ena pabwalo lotseguka kuti anawo aziionera kumeneko.

Zotsatira ndi zotsala

Nditayezanso ntchito itatha, kutsogolo kwa siteji phokoso linkasewera pakati pa madesibelo 90 ndi 95. Pakauntala munthu atha kuitanitsa mowa osakuwa. Chomwe chinasangalatsa bandi kwambiri n'chakuti anthu anayamba kumva mawu a nyimbo zawo, ndipo tsopano ena amaimba nawo kolasi. M'chipinda cha bambo aja bedi linasiya kunjenjemera. Besi imamvekabe patali mukatchera khutu, makamaka usiku wa bata m'miyezi yozizira, ndipo pabwalo pawo imamveka bwino ndithu. Iwo anati atha kugona. Nkhani sinapite ku khonsolo.

Sizinathe zonse. Theka la denga likadali malata okhaokha, ndipo phokoso lomwe latsala likutulukira pamenepo. Mayi eni malo akusunga ndalama pang'onopang'ono kuti amalize. Wa ng'oma akatengeka amabwerera ku dzanja lake lakale, ndipo wa besi ndi yemwe anapatsidwa udindo womukodola. Atsikana a pakauntala ndinawapatsa zotseka m'makutu, mmodzi amavala, wina akuti zimamulepheretsa kumva maoda, ndiye ndapempha kuti azisinthana kukagulitsa pakhonde nthawi ya bandi. Mayeso aakulu a ntchito yathuyi adzakhala mu October, kukatentha, anthu akadzafuna kutsegula zitseko ndi mawindo onse. Tagwirizana kuti ndidzapitenso nthawi imeneyo ndi mita, ndipo fani imodzi ikadzachepa tidzawonjezera yachiwiri mbali ya msewu.